Amuna anga sakugona chichitikireni ngozi ya lole: kodi acupuncture ndi biofeedback n'zothandizadi?

Nangozo wa ku Lizulu analemba:

Moni nonse pano. Ndabwera ndi nkhani ya m'nyumba mwanga, ndipo ndikupempha amene amadziwa zachipatala kapena amene zoterezi zinawaonekerapo kuti andiunikire.

Amuna anga ndi dalaivala wa lole. Amanyamula kabichi ndi mbatatesi za alimi a kuno ku Lizulu ndi ku Tsangano kupita nazo ku Lilongwe, nthawi zina kutsikira ku Golomoti. Dzinja lathali, akutsika Khwekhwerere, mabuleki anakana. Lole inagubuduzika, ndipo mnyamata amene ankawathandiza kukweza katundu, yemwe anakhala pamwamba pa matumba, anafera pomwepo. Iwo anathyoka mkono ndi nthiti. Mafupa anapola bwinobwino, pulasitala anachotsa kalekale.

Chimene chatsala ndi ichi. Usiku amadzuka malaya ali chonyowa ndi thukuta, chonsecho kuzizira kwa kuno mukukudziwa, mwendo wakumanja ukukankha bulangete kufunafuna buleki. Chivindikiro cha poto chikagwa kukhitchini amalumpha n'kuyamba kukalipira ana, kenako amakakhala kuseri kwa nyumba okha akudzimvera chisoni. Tsiku la msika malole akamaima pa M1, fungo la mabuleki otentha likawafika, amangoti zii, manja n'kuzizira. Eni lole anawapatsa ina koma mpaka lero sanagwire chiwongolero. Ndipo munthu amene sankaulawa n'komwe mowa tsopano madzulo aliwonse akumwa kachasu, akuti kuti tulo tibwere.

Apongozi anga akuti ndi mzimu wa mnyamata uja, ndiye akufuna tipite nawo kwa sing'anga wa kutsidya kwa msewu, mbali ya Mozambique, akawateme mphini. Mlamu wanga amene ali ku Johannesburg wakana zimenezo. Iye akuti kumeneko anthu ovutika chonchi amawabaya timasingano m'makutu, akuti acupuncture, komanso pali makina ena ophunzitsa mtima kukhazikika otchedwa biofeedback. Walonjeza kutumiza ndalama. Mlamu wangayo ndalama amazipeza movutikira, ndiye sindikufuna tizitaye pa chinthu choti sitikuchidziwa.

Kodi zinthu ziwirizi n'chiyani kwenikweni? Zimathandizadi munthu amene wakumana ndi zoopsa? Nanga ife a kuno tiyambire pati?

Namwino wa ku Ntcheu analemba:

Mayi Nangozo, pepani kwambiri ndi zimene zagwa pakhomo panu. Ine ndimagwira ntchito ndi anthu ovutika maganizo, ndipo zimene mwafotokozazi ndimazimva kawirikawiri, makamaka kwa madalaivala ndi anyamata a kabaza.

Munthu akaona imfa pafupi, thupi limatulutsa timadzi tolikonzekeretsa kuthawa kapena kulimbana, totchedwa adrenaline: mtima umathamanga, magazi amachoka kumanja n'kupita ku minofu ikuluikulu, thukuta limatuluka. N'chifukwa chake manja a bambowo amazizira. Kwa ambiri zimenezi zimazirala pakapita milungu ingapo. Zikapitirira mwezi, munthu n'kumalota chochitikacho, kupewa chilichonse chomukumbutsa, kudzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, madokotala amayamba kuganizira matenda otchedwa PTSD. Dzinali linalowa m'mabuku a madokotala mu 1980, ataona mmene ankavutikira asilikali a ku America obwera ku nkhondo ya ku Vietnam. Si misala, ndipo anthu amachira. Koma wonena motsimikiza kuti ndi PTSD akhale amene wawaona bambowo maso ndi maso, osati ine wa pa intaneti.

Poyambira pake ndi ku chipatala cha boma, cha ku Ntcheu kapena cha ku Dedza, poti inu muli pakati. Mukafunse namwino kapena dokotala woona za maganizo. Mukawauzenso ngati bambowo anamenyetsa mutu pa ngoziyo, chifukwa kuvulala m'mutu nakonso kumabweretsa ukali ndi kusagona. Zikafunika kupitirira pamenepo, pali St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, komanso chipatala cha Zomba Mental. Mu 2013 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo a chithandizo cha mavuto otere, ndipo chimene linaika patsogolo ndi uphungu wolunjika pa chochitikacho, wa mtundu wa CBT (wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake), ndi njira ina yotchedwa EMDR (munthu amakumbukira chochitikacho kwinaku akutsatira ndi maso chala cha mlangizi). Malangizo omwewo amachenjeza za mapiritsi a gulu la diazepam, choncho musalole munthu akugulitseni timapiritsi togonetsa pa golosale. Akaphatikiza ndi kachasu ndiye zoopsa kwambiri, munthu akhoza kusiya kupuma ali m'tulo.

Tsono biofeedback. Si mankhwala, ndipo palibe chimene makinawo amalowetsa m'thupi. Amamangirira kachipangizo pa chala, pa khutu kapena pachifuwa, kamene kamayeza kugunda kwa mtima, thukuta la pakhungu, kutentha kwa zala kapena kulimba kwa minofu, n'kumaonetsa pa sikirini nthawi yomweyo. Munthu amaona ndi maso ake kuti akakumbukira ngozi manambala akukwera, akapuma mwa njira inayake akutsika. Akachita mobwerezabwereza amaphunzira kutsitsa yekha, makina palibe.

Mtundu umene umagwiritsidwa ntchito kwambiri pa mantha ndi wa kapumidwe. Mtima wa munthu aliyense umafulumirako pang'ono akamakoka mpweya, n'kuchedwerako akamautulutsa, chifukwa cha mtsempha wotchedwa vagus. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi. Akatsitsa kufika pafupifupi ka 6 pa mphindi, kusinthasintha kwa mtima kuja kumakula ndipo thupi limayamba kumasuka. Kafukufuku amene alipo pa anthu a PTSD ndi wa magulu ang'onoang'ono, koma akusonyeza kuti zimathandiza kuchepetsa kudzidzimuka. Ine maganizo anga ndi akuti n'chothandizira chabwino, koma chikumbumtima cha mnyamata amene anamwalira uja makina sangachikhudze. Chimenecho chimafuna kulankhula ndi mlangizi.

Chomaliza, ndipo ichi musachite nacho manyazi: muwafunse mwachindunji ngati amaganizapo zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu. Akavomera, musadikire tsiku la kiliniki, pitani nawo tsiku lomwelo, ndipo mankhwala a mbewu ndi a makoswe muwachotse m'nyumba.

Dalaivala wa ku Chimbiya analemba:

Mayi, nkhani yanuyi ndaiwerenga mtima ukuwawa chifukwa ine ndi mmodzi mwa iwo. Ndinkayendetsa minibasi ya Dedza–Lilongwe. Cha ku Linthipe ndinagunda mwana amene anathamangira mumsewu kutsatira mbuzi. Mwanayo anapulumuka, Mulungu ngwabwino, koma ine phokoso lake lija silinkandichoka m'makutu.

Makina enieni a biofeedback ine sindinawagwirepo. Chimene ndinagwiritsa ntchito ndi kachipangizo kopanira pa chala kaja, oximeter, kamene tinagulira mayi anga nthawi ya COVID-19 mu 2021. Kamaonetsa manambala awiri, ina ya mpweya m'magazi, ina ya kugunda kwa mtima. Mlangizi amene ankandithandiza ndiye anandiuza kuti ndizikayang'ana yachiwiriyo.

Ndinkachita chonchi. Ndikadzuka usiku mtima ukuguguda, ndinkakhala pa mpando, mapazi pansi, nyali yoyaka, kachipangizo pa chala. Nambala inkakhala cha m'ma 110. Ndimakoka mpweya ndi mphuno kuwerenga mpaka 4, mimba ndiyo izifufuma osati mapewa, kenako kutulutsa pang'onopang'ono ndi pakamwa kuwerenga mpaka 6. Mukawerengetsa ndi masekondi 10, ndiye ka 6 pa mphindi kamene anena a Namwinowa. Poyamba nambala imakanirira, mwina kukwera kumene, chifukwa ukuiyang'anitsitsa ndi mantha. Ukapirira umaiona 104, 98, 93, mpaka kufika m'ma 80. Kwa ine chinali chinthu chachikulu kuona kuti mtima wangawu ukundimvera. Ndinali nditafika pokhulupirira kuti tsiku lina udzangoima.

Zinthu ziwiri muwauze bambo. Choyamba, kuno kwathu m'mwezi wa June ndi July zala zimachita dzanzi, ndipo chala chikazizira kachipangizoka kamanama kapena kungophethira osaonetsa kanthu. Ayambe afumbata kapu ya tiyi kapena kuwotha pa mbaula. Chachiwiri, asadikire usiku wa maloto kuti ayambe kuphunzira. Aziyeserera masana mtima uli m'malo, mphindi 10 m'mawa ndi 10 madzulo, kuti pofika usiku thupi likhale litazolowera kale. Masiku oyamba ine ndikatseka maso ndinkaona mwana uja, ndiye ndinkapuma maso ali otsegula, ndikuyang'ana khoma. Akamva chizungulire asiye kaye, ndiye kuti akukoka mpweya wambiri.

Kubwerera pa chiwongolero sikunachitike ndi kupuma kokha ayi. Mlangizi uja anandiyendetsa pang'onopang'ono. Ndinayamba kungokhala mu minibasi yoima, injini yozima. Kenako injini yolira. Kenako mpando wakutsogolo wina akuyendetsa, kudutsa pamalo pomwe paja, kachipangizo kali pa chala. Tsiku loyamba kudutsapo ndinasanza. Lero ndikuyendetsa, ngakhale ndikafika pa Linthipe phazi limachoka lokha pa mafuta.

Za kachasu ndinene mosabisa, inenso ndinamwako. Kamakugwetsa msanga koma cha m'ma 2 koloko umadzuka maloto ali oipa kuposa kale. Musawakalipire, koma musawagulirenso.

Nachisale wa ku Mayani analemba:

Achemwali, ine ndiyankhe za masinganozo poti zinandibayapo. Ndinali ku Durban mu April 2015 pamene anthu akumeneko anaukira alendo. Chipinda chathu anachiphwanya usiku, ndipo tinakakhala pa msasa mpaka mabasi amene boma linatumiza anayamba kutenga anthu kubwerera kumudzi. Ine ndinatsalira, ndipo miyezi yotsatira sindinkagona. Pa tchalitchi china pankabwera anthu ongodzipereka obaya masingano m'makutu, ndinapitako kangapo.

Timasingano take n'tating'ono kwambiri, tosafanana ndi jakisoni, mulibe mankhwala mkati. Amabaya malo 5 pa khutu lililonse. Kupweteka kwake n'kochepa, kamphindi chabe, kenako khutu limatentha. Mumakhala pa mipando anthu ambiri, zovala zili m'thupi, kwa mphindi 30 mpaka 45, osalankhula. Chimene ndinachikonda n'choti palibe amene anandifunsa kuti ndifotokoze zimene ndinaona, chifukwa nthawi imeneyo pakamwa panga sipakanatha. Anthu ena ankagona pa mpando pomwepo mpaka kuliza mkonono.

Acupuncture njochokera ku China ndipo yakhalako zaka zoposa 2,000, koma njira ya m'makutuyi ndi yatsopano. Inakhazikika ku Lincoln Hospital ku Bronx, mumzinda wa New York, m'zaka za m'ma 1970, pothandiza anthu ofuna kusiya mankhwala osokoneza bongo, ndipo mu 1985 panakhazikitsidwa bungwe la NADA loiphunzitsa. Pambuyo pake anayamba kuitengera kumalo a ngozi zikuluzikulu, monga ku New Orleans mphepo ya Katrina itawononga mu 2005. Mwina n'zimene alamu anu anaziona.

Kwa ine zinkachita chonchi: usiku wa tsiku lobayidwa ndinkagona bwino, mwinanso usiku wotsatira. Kenako maloto ankabwerera. Sindinganene kuti zinandichiritsa, koma zinandipatsa tulo pa nthawi imene ndinalibe, ndipo munthu wogona amatha kuganiza. Kuchira kwenikweni kunabwera nditabwerera kuno n'kupeza wolankhula naye.

Pamene ndikufuna mumvetsetse ndi pa ukhondo. Singano iliyonse izichokera m'paketi yomata, aitsegule inu mukuona, ndipo akaichotsa aitaye. Singano yobwereza imafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, chimodzimodzi lumo la mphini limene latemera anthu angapo. Ndiye ngati apongozi angakakamire za mphinizo mpaka inu kulephera kuwaletsa, lumo mugule nokha latsopano. Komanso poti bambowo anathyoka nthiti, munthu wosaphunzira asawabaye pachifuwa kapena kumsana, singano ikalowa kwambiri imaboola mapapo. Aliyense wonena kuti ndi katswiri akuonetseni chikalata cha Medical Council of Malawi. Madokotala ochokera ku China akhala akubwera m'magulu kudzagwira ntchito ku Kamuzu Central ndi ku Mzuzu Central kuyambira 2008, ndiye mukapita ku Lilongwe kafunseni kumeneko m'malo mofunsa kwa anthu ongoika zikwangwani m'tauni.

Namwino wa ku Ntcheu analemba:

Mayi Nachisale anena zoona. Ndingowonjezera kuti ku America, dokotala wina dzina lake Michael Hollifield anatulutsa kafukufuku mu 2007 woyerekeza acupuncture ndi uphungu wa pagulu kwa anthu a PTSD. Magulu onse awiri anapezako bwino kuposa amene ankangodikira. Koma anthu ake sanafike 100, ndiye n'chifukwa chake njirayi sinaikidwe patsogolo pa uphungu. Ine ndikanakhala inu, ndalama za alamuzo ndikanaziika pa thiransipoti yopitira ku uphungu mosadumphitsa, chifukwa ambiri amasiyira panjira kaamba ka ndalama ya minibasi. Zotsala mugule oximeter ku famase. Masingano abwere pambuyo ngati mwapeza wodziwa.

Mkulu wa mpingo ku Bembeke analemba:

Mwana wanga, za makina ndi masingano akuuzani odziwa. Ine ndifunse chimodzi: kodi amuna anuwo anapita ku maliro a mnyamatayo? Ndikuganiza kuti nthawi imeneyo anali m'chipatala. Ngati sanapite, ndiye kuti sanakhuze, sanaone manda, sanagwirane chanza ndi make mwana. Kwathu kuno zimenezo si zazing'ono. Apongozi anu akamati mzimu, musafulumire kuwaona ngati otsalira. Iwo aona kuti pali chinthu chimene sichinathe pakati pa mwana wawo ndi banja lija, ndipo pamenepo sakunama. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa mphini.

Mutume ankhoswe kapena malume awo akaonane ndi akuluakulu a kwa mnyamatayo, akamve kaye mtima wawo uli pati. Akalola, mupite ndi kankhuku ndi ufa monga mwa mwambo, pamodzi ndi abusa kapena mkulu wa mpingo wanu. Koma amuna anuwo musawakoke. Mlangizi wa kuchipatala adziwe za ulendowu, ndipo bambowo apite pamene iwo eni anena kuti akonzeka.

Nangozo wa ku Lizulu analemba:

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza yankho lililonse.

Bambo a ku Bembeke, mwalasa. Maliro anachitika iwo ali pa bedi m'chipatala, ndinapita ndine ndi apongozi. Mnyamatayo kwawo ndi cha ku Mlangeni, ndipo chichokereni m'chipatala amuna anga sanadutseko, akafuna kupita ku boma amati tidikire kaye. Sanatchulepo dzina lake ngakhale kamodzi. Jekete la mnyamatayo linatsalira m'lole, apolisi anatipatsa pamodzi ndi katundu wawo, ndipo amuna anga analipinda n'kuliika pansi pa sutikesi. Nditati tikapereke kwa make anandiyankha kuti ndisaligwire. Ndimaganiza kuti n'kuuma mtima, koma mmene mwafotokozeramu ndayamba kuona kuti akuopa kukaonana ndi mayi uja. Malume a amuna anga ali ku Biriwiri, ndikawaona Loweruka.

A Namwino, funso lija ndawafunsa usiku wathawu ana atagona. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati zodzipha ayi, koma nthawi zambiri amaganiza kuti bwenzi atafa iwo mnyamatayo n'kutsala, poti anali wamng'ono ndipo anali atangokwatira. Analira, koyamba chichitikireni ngoziyo. Mankhwala a mbewu ndawapititsabe kwa achemwali anga. Za kuchipatala avomera, koma akuti ku Dedza osati ku Ntcheu, chifukwa njira ya ku Ntcheu ndi yodutsa ku Mlangeni kuja. Ine ndati palibe vuto.

Achimwene a ku Chimbiya, ndinawawerengera zimene munalemba, ndipo pamene munati phazi limachoka lokha pa mafuta anandiuza kuti ndibwerezenso. Akufunsa ngati kupumako angayambe oximeter isanapezeke, poti kuno ku Lizulu sitinaione m'mashopu. Komanso mlamu wanga akuti pali pulogalamu ya pa foni yoyeza mtima ukaika chala pa kamera. Imeneyo ingagwire ntchito?

Dalaivala wa ku Chimbiya analemba:

Ayambe lero lomwe, mayi. Aike zala ziwiri pamkono m'munsi mwa chala chachikulu, kapena inu muwagwire ndinu, muwerenge kugunda kwa masekondi 30 n'kuchulukitsa kawiri. Mulembe nambalayo m'kope, apume mphindi 10, muwerengenso n'kulemba pambali pake. Kopelo mukapite nalo kuchipatala, mlangizi akaliona.

Za pa foni zija zimagwira, ndinayesapo. Chala chimaphimba kamera ndi tochi yake, ndipo foni imawerenga kusintha kwa kuwala magazi akamadutsa. Vuto lake imafuna chala chisagwedezeke ngakhale pang'ono, pamene munthu wodzuka ndi maloto manja amanjenjemera, ndiye usiku imavuta. Oximeter mukaifunse m'mafamase a pa boma ku Dedza tsiku lomwe mukupita kuchipatalalo, ndipo mugulirepo mabatire ang'onoang'ono aja a AAA, imadya awiri.

Muwauzenso kuti ngati angafune kulankhula ndi dalaivala mnzawo, andilembere kumbali. Lachisanu lililonse ndimafika pa Lizulu kudzatenga kabichi wa mlongo wanga.